ZA DZINA ILI LAKUTI WOMASULIRA

Pali maina ena amene tiwachula masiku onse osafunsa kumene anacokera. Munthu woima pambali pa mlendo, nanena m'cinenero cathu cimene mlendoyo wanena m'cinenero cace, timucha womasulira. Dzinali si lacilendo ai. Makolo athu anali kumasula mtolo wa nkhuni, kumasula mbuzi pacikhomo, kumasula pfundo ya cingwe. Koma tamverani kumathero kwace: sitinena womasula, tinena womasulira. Womasula amasula cace; womasulira amasulira mnzace, monga mkazi aphikira alendo. Mtolowo si wace.

Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, m'November 1889, cinenero ca kuno cinali cikali colemera pakamwa pao. Momwemonso pa Kongwe, pamene Robert Blake anayamba nchito m'caka ca 1894. Masiku oyambawo mau ambiri anafika m'makutu a mafumu ndi a anthu atapita pakamwa pa anyamata ophunzira m'masukulu a kunyanja. Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Nchisi sanazizwa nao mwambo wotere, pakuti pabwalo anazolowera kuona nduna ilikulandira mau a mfumu, niwapereka kwa khamu. Koma nduna ikapotoza, mfumu imva, pakuti cinenero ndi cimodzi. Womasulira akapotoza, adzamtsutsa ndani? Mlendo sakumva, khamu silikumva. Mboni ya mbali zonse ziwiri ndiye yekha. Ndipo pa mirandu ya ku Boma la Dowa munthu anakhoza kulowa m'ndende kapena kupita kwao, monga mwa kukhulupirika kwa woima pakatiyo.

Dzina lomweli linapatsidwanso kwa iwo a nchito ya mabuku. W. H. Murray ndi anzace, azungu ndi anthu a dziko lino, anakhala zaka zambiri pa nchito ya Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'caka ca 1922. Iwo anali nayo nthawi: liu limodzi anakhoza kugona nalo, nafunsa akulu m'mawa mwace. Koma womasulira wa pakamwa ali nako kupuma kumodzi kokha, maso a mpingo onse ali pa iye.

Ena anena wotanthauzira, ngati ndi dzina limodzi. Ife tiyesa kuti pali kusiyana. Kutanthauzira ndiko kufotokoza cimene mau aloza, ndipo wotanthauzira aloledwa kuonjeza fanizo lace. Ndiyo nchito ya mphunzitsi m'kalasi. Womasulira saloledwa kusolola nkhuni imodzi, kapena kuikamo yace.

Tinaziona ndi maso athu pa mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Nchisi. Mlendo ananena mau ocepa a cifundo ca Mulungu. Womasulira wace, ndiye munthu wacangu ndi wabwino ndithu, anatenga nthawi yaitali, nadzudzula akazi ophika mowa, za zimene mlendo sanachula konse. Mlendo anaima cire ndi kumwetulira, nayesa kuti cinenero cathu ndi cacitali. Akazi atatu anaturuka, ndipo mmodzi wa iwo sitinamuonenso m'kacisi kufikira nyengo ya masika itapita.