Paki ya Uhuru mu Mzinda wa Nairobi: Mbiri Yake ndi Kukonzedwanso Kwake

Paki ya Uhuru ndi malo a boma opumulirako anthu amene ali pakatikati pa mzinda wa Nairobi, likulu la dziko la Kenya. Kukula kwake ndi mahekitala 12.9, ndipo ili m'mbali mwa msewu waukulu wa Uhuru Highway, moyandikana ndi paki ina yotchedwa Central Park. Mawu akuti "uhuru" ndi a Chiswahili ndipo amatanthauza ufulu. Pakiyi ndi yodziwika chifukwa cha zochitika zikuluzikulu za dzikolo zimene zinachitikira pamalopa, komanso chifukwa cha mmene anthu wamba anaitetezera pamene inatsala pang'ono kulandidwa.

Chiyambi chake

Dziko la Kenya linalandira ufulu wodzilamulira pa 12 Disembala 1963. Pa 23 Meyi 1969, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, a Jomo Kenyatta, anatsegulira pakiyi kuti aliyense azilowamo. Munabzalidwa mitengo ndi kapinga, ndipo munakumbidwa dziwe lalikulu loyendamo timabwato. Munalinso bwalo lochitira misonkhano ndi mapemphero.

Popeza kulowa kunali kwaulere, pakiyi inasanduka mpumulo wa anthu osauka. Ogwira ntchito m'tauni ankadyeramo chakudya chamasana, ofunafuna ntchito ankausa pamthunzi wa mitengo yake, ndipo mabanja ankabweretsamo ana pa masiku a tchuthi. Ojambula zithunzi, ogulitsa zakudya ndi zakumwa komanso opalasa mabwato ankapezeramo zosowa za pakhomo.

Mkangano wa 1989

M'chaka cha 1989, boma la a Daniel arap Moi linakonza zomanga nyumba yosanjikizana ka 60 m'pakimo. Nyumbayo, imene inkatchedwa Kenya Times Media Trust Complex, inayenera kukhala ndi likulu la chipani cholamula cha KANU, maofesi, masitolo ndi chipilala cha mtsogoleriyo. Ndalama zambiri zomangira zinayenera kukhala za ngongole yochokera kunja.

Amene anatsogolera kutsutsa ganizoli ndi Pulofesa Wangari Maathai, mayi amene mu 1977 anayambitsa bungwe la Green Belt Movement, lolimbikitsa amayi a kumudzi kubzala mitengo. Iwo analembera makalata akuluakulu a boma, manyuzipepala ndi mabungwe a kunja, kenako anakatula nkhaniyo kukhoti. Khoti linakana dandaulo lawo ponena kuti munthu payekha alibe mphamvu zosumira boma pa nkhani yokhudza anthu onse. Aphungu ena anawanyoza m'nyumba ya malamulo, ndipo bungwe lawo linathamangitsidwa m'maofesi a boma amene linkagwiritsa ntchito. Komabe nkhaniyo inali itamveka patali. Amene anafuna kuikapo ndalama anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 1990 ntchitoyo inalephereka.

Zochitika zina zazikulu

Kumapeto kwa Febuluwale 1992, amayi amene ana awo anatsekeredwa pa zifukwa za ndale anasonkhana pangodya ina ya pakiyi ndi kuyamba kusala kudya. Patapita masiku ochepa apolisi anawabalalitsa mwankhanza, ndipo a Maathai anamenyedwa mpaka kukomoka. Amayiwo anasamukira ku tchalitchi cha All Saints chimene chili pafupi, ndipo anapitiriza kufikira ambiri mwa ana awo atamasulidwa. Ngodyayo mpaka lero imatchedwa Freedom Corner.

Pa 30 Disembala 2002, a Mwai Kibaki analumbiritsidwa m'pakimu kukhala mtsogoleri wa dziko. Pa 27 Ogasiti 2010, malamulo atsopano oyendetsera dziko la Kenya anakhazikitsidwira pomwepa. A Maathai, amene analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2004, anamwalira pa 25 Seputembala 2011, ndipo mwambo wa boma wowatsanzika unachitikira m'pakimu. Bokosi lawo linalukidwa ndi namasupuni, gumbwa ndi nsungwi, pofuna kuti mtengo usagwetsedwe chifukwa cha maliro awo.

Kuwonongeka ndi kukonzedwanso

Pakupita kwa zaka, pakiyi inayamba kutha. Misonkhano ikuluikulu inapondereza kapinga, madzi a m'dziwe anada, zinyalala zinachuluka, ndipo anthu ankaopa kudutsamo kukada. Mu 2019 kunabukanso mkangano pamene zinamveka kuti msewu watsopano wa Nairobi Expressway udya mbali ina ya malowa. Anthu atadandaula kwambiri, boma linalengeza kuti msewuwo sudutsa m'pakimo.

Chakumapeto kwa 2021, pakiyi inatsekedwa kuti ikonzedwe. Ntchitoyo inayendetsedwa ndi bungwe la Nairobi Metropolitan Services mothandizana ndi asilikali a dzikolo. Itangoyamba, khoti loona za malo ndi chilengedwe linaiimitsa kwa kanthawi, anthu ena atadandaula kuti mitengo ikudulidwa popanda kumva maganizo a nzika. Pambuyo pake ntchito inapitirira. Anabzala kapinga ndi maluwa, anawaka tinjira ta oyenda pansi, anakonza dziwe, ndipo anamanga zimbudzi ndi malo osewerera ana. Pakiyi inatsegulidwanso kwa anthu onse mu 2024, ili m'manja mwa boma la chigawo cha Nairobi, ndipo kulowa kunakhalabe kwaulere.

Kutsekedwa kwa zaka zoposa ziwiri kunapweteka kwambiri amalonda ang'onoang'ono amene ankadalira malowa, pakuti makasitomala awo anabalalika ndipo ambiri analibe kwina kogulitsira.

Zimene mbiriyi ikuonetsa

Malo a boma a pakati pa mzinda amakopa omanga chifukwa mtengo wake ndi wokwera, ndipo akangomangidwapo nyumba sabwereranso. Paki ya Uhuru ilipo lero chifukwa nzika zinayankhula mgwirizano womanga usanakhwime. Mbiri yake ikuonetsanso kuti paki yosasamalidwa imawonongeka ngakhale palibe woilanda, ndi kuti ntchito yoikonza imachedwa ndi milandu ngati okhala mumzinda ndi amalonda a pamalopo sanafunsidwe ntchitoyo isanayambe.