Zimene mumaponya pa foni: lamulo likuti chiyani, nanga zingakutsekereni makomo ati?

Kuno ku Mzimba mwana wa Fomu 1 amatha kukhala ndi Facebook, TikTok ndi WhatsApp asanakhale ndi chiphaso cha unzika. Makampaniwa amalola munthu kutsegula akaunti kuyambira zaka 13, pomwe a NRB amapereka chiphaso munthu akakwanitsa zaka 16. Ndiye kuti zaka zitatu zathunthu mwana akulemba mbiri pa dzina lake, boma lisanamulembe n'komwe ngati wamkulu. Ndasonkhanitsa pano zimene ndikuona kuti aliyense wa ife, kuyambira pa Boma, ku Chikangawa mpaka ku Jenda, azidziwe asanadine.

Kufufuta sikufufuta

Status ya WhatsApp imachoka pakatha maola 24, koma amene wajambula screenshot ali nayo mpaka kalekale. Chithunzi chotumiza kuti munthu aone kamodzi kokha, WhatsApp imaletsadi kuchijambula screenshot, koma palibe chimene chimaletsa mnzanuyo kutenga foni ina n'kujambula sikirini. Gulu la kalasi lomwe mumati ndi lachinsinsi lili ndi anthu makumi angapo, ndipo mmodzi yekha akakwiya nanu, basi zatuluka.

Liwiro lake tinaliona tonse mu June 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, malemu Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Ndegeyo itangopezeka pa 11 June, zithunzi za pamalo a ngozi zinali kale m'mafoni dziko lonse. Amene anayamba kutumiza, ngakhale akanafuna, sakanathanso kuzibweza.

Pali njira zina zomwe sitiziganizira. Foni yogulitsa musanaifufute yonse, foni yosiya kwa okonza, yobwereketsa mnzanu kuti "angolowa pang'ono". Komanso izi za akaunti yabodza, eti palibe angandidziwe: kuyambira 2018 nambala iliyonse ya Airtel kapena TNM imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Ngati simu yanu inalembetsedwa pa dzina la amayi anu, nkhani ikafika kupolisi, oyamba kufunsidwa ndi iwowo.

Lamulo lake

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo bungwe loyang'anira zamauthenga ndi MACRA. Ndime zofunika kwa ife ndi zinayi. Ndime 87 ikunena za kutumiza mauthenga onyoza kapena osowetsa wina mtendere mwadala ndiponso mobwerezabwereza: chindapusa K1 miliyoni ndi miyezi 12 kundende. Ndime 88, ya kulondalonda munthu pa intaneti ndi kumuopseza, chilango chake n'chimodzimodzi. Ndime 86, ya kuzunza munthu ndi mawu olaula kapena omuopseza, imafika K2 miliyoni ndi zaka zisanu.

Ndime 85 ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo ndi imene achinyamata ambiri saidziwa. Imaletsa kupanga, kugawa, ngakhale kungosunga zithunzi zolaula za mwana, chilango chake K10 miliyoni ndi zaka 15. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tanthauzo lake ndi loti mnyamata wa Fomu 4 amene wagawira anzake chithunzi cha chibwenzi chake cha zaka 16 wapalamula mlandu waukulu, ndipo amene analandira n'kuchisunga kapena kuchitumiza kwina naye ali momwemo. Zoti "ine ndinangopanga forward" sizikupulumutsani.

Izi sizongolembedwa pa pepala. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera. Mu 2024 bwalo la milandu ku Dowa linalamula bambo wina kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi, nkhani yake ya m'gulu la WhatsApp. Ine pandekha sindigwirizana nako kumanga munthu chifukwa chodzudzula atsogoleri, ndipo mabungwe ngati MISA Malawi akhala akutsutsa zimenezi. Mu July 2025, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, khoti linagamula kuti ndime 200 ya Penal Code, ya kuipitsa mbiri ya munthu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhani yabwino imeneyo. Koma chigamulocho chinakhudza ndime imeneyo yokha, ndipo amene mwamuipitsira mbiri akhozabe kukusumirani payekha kuti mumulipire.

Sukulu, ntchito ndi ulendo

Amene analemba MSCE mu 2020 akukumbukira. Mapepala a mayeso anatayika n'kumazungulira pa WhatsApp, mayeso anathetsedwa mu November, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu January 2021. Kukhala m'gulu la "likasa" ndi njira yachidule yotayira zaka zinayi za fizi ya makolo anu.

Kunja nkhani zake n'zodziwika bwino. Mu 2017 yunivesite ya Harvard ku America inalanda malo ana osachepera khumi amene inali itawatenga kale, chifukwa cha zithunzi zonyoza zimene ankatumizirana m'gulu lachinsinsi la pa Facebook. Mu 2021 mtolankhani Alexi McCammond anasankhidwa kukhala mkonzi wamkulu wa magazini ya Teen Vogue, koma anasiya asanayambe n'komwe ntchito anthu atafukula mauthenga osankha mtundu amene analemba pa Twitter mu 2011, ali ndi zaka 17. Zaka khumi zinali zitadutsa.

Kwa olota zokaphunzira ku America: kuyambira 2019 fomu yopemphera visa imafunsa maina a akaunti zonse zimene mwagwiritsa ntchito m'zaka zisanu zapitazo, ndipo kuyambira June 2025 opempha visa ya sukulu amauzidwa kuti atsegule akaunti zawo kuti zioneke kwa aliyense. Mukapempha muli ndi zaka 20, akuwerenga zimene munalemba muli ndi 15.

Mwina mukuti, ine za America zikundikhudza pati, ndimafuna ganyu ya matabwa ku Chikangawa kapena kutsika ku Joni. Apa m'pomwe ine ndimaona kuti ngozi ili pafupi kwambiri. Ntchito zambiri kwathu kuno zimayenda pa kudziwana. Mwini shopu, kapitawo, amalume amene ali ku Johannesburg ndipo akuganiza zokutumizirani ya thiransipoti, onsewa ali pa WhatsApp, ndipo ena ali ndi nambala yanu. Safuna kafukufuku wamakono ayi, amangoona status. Akaona kamwa yotukwana, kapena kanema mukupepeluka ndi kachasu, sakuuzani chifukwa. Mumangomva kuti malo adzaza. Kwa atsikana chilango cha anthu chimakula kuposa cha anyamata ngakhale wolakwa ali mnyamatayo, zimene si chilungamo m'pang'ono pomwe. Ndipo mlandu ukafika kukhoti n'kukupezani olakwa, mudzakumana nawo tsiku limene ntchito ina idzafune kalata ya kupolisi.

Mbali ina nayo ilipo: kalipentala kapena woluka tsitsi amene amaika zithunzi za ntchito yake ndi nambala ya foni, tsamba lake limamubweretsera makasitomala.

Zoti muchite lero

Lembani dzina lanu pa Google ndi pa Facebook muone zimene zikutuluka. Lowani mu Activity log mufufute zakale, ndipo pa zoikamo za chinsinsi sankhani Limit past posts kuti zonse zimene munaponya kale zizioneka kwa anzanu okha. Yatsani chilolezo choti wina akakupangani tag muzivomereza kaye. Pa WhatsApp ikani two-step verification, ndipo nambala ya manambala asanu ndi imodzi ikabwera pa SMS osauza aliyense, ndi mmene akuba amalandira maakaunti n'kumapempha ndalama pa dzina lanu. Foni musanagulitse, chotsani memory card n'kuibwezera ku factory reset.

Ngati wina akukuopsezani kuti afalitsa zithunzi zanu, osamutumizira ndalama kapena zithunzi zina, chifukwa sasiya. Osafufutanso mauthenga ake, ndiwo umboni wanu. Jambulani screenshot pakuoneka nambala ndi tsiku, uzani wamkulu amene mumamukhulupirira, mupite limodzi ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati simunakwane zaka 18 imbaninso 116, nambala ya Tithandizane yothandiza ana yomwe imayendetsedwa ndi YONECO. Ndi yaulere, sifuna mayunitsi.