Chéchia: Chisoti Chofiira cha ku Tunisia ndi Ulendo wa Dzina Lake

M'Chifalansa muli mawu akuti chéchia, otchulidwa ngati "sheshiya". Amatanthauza chisoti chofiira, chofewa ndi chopanda mlomo, chimene amuna a ku Tunisia ndi maiko oyandikana nalo amavala. Afalansa adabwereka mawuwa ku Chiarabu, kumene amati shashiya. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati Aarabu nawonso adatenga dzinali ku Shash, dera limene lero kuli mzinda wa Tashkent.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1609 mfumu Philip III ya ku Spain idalamula kuti zidzukulu za Asilamu zichoke m'dzikomo. Ambiri adakafikira ku Tunis, ndipo ndiwo adakuza ntchito yopanga zisotizi. Amayi ankaluka chisoti chachikulu ndi ubweya wa nkhosa. Kenako ankachiviika m'madzi ndi kuchipuntha ku El Batan kufikira chitafota ndi kulimba. Akatero ankachipesa, nachinyika mu utoto wofiira, nachiumba pa chikombole.

Afalansa atalanda mzinda wa Algiers mu 1830, chisoticho chidalowa m'yunifolomu ya asilikali awo otchedwa zouaves. Mu 1857 Louis Faidherbe adakhazikitsa gulu la asilikali akuda la tirailleurs sénégalais, ndipo iwonso adavekedwa chéchia. Motero chovala chaulemu cha pa msika ndi ku mzikiti chidasanduka chizindikiro cha munthu wakuda womenyera nkhondo mtsamunda. Kuyambira mu 1915 kampani ya Banania idayika pa malonda ake chithunzi cha msilikali woseka atavala chisotichi, chimene ambiri lero amachiona ngati chonyoza.

Pa 1 Disembala 1944, ku Thiaroye pafupi ndi Dakar, asilikali a France adawombera ma tirailleurs amene ankangofunsa malipiro awo atabwera ku nkhondo. Mtsogoleri wa France adavomereza mu 2024 kuti kumeneko kudali kupha anthu mwankhanza.

Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles ankavala chisoti chachibale chotchedwa fez, cholimba ndi chachitali, chimene dzina lake lidachokera ku mzinda wa Fès ku Morocco. Mdzukulu wopeza chithunzi cha agogo ake atavala chotere asathamangire kuseka. Ayambe wafunsa kumene adakamenya nkhondo, ndiponso ngati adalipidwa.