Kasinthidwe ka osewera mu basketball: mmene kochi amagawira mphindi 240

Ambiri mwa ife makolo tinakulira pa mpira wamiyendo, kumene wosewera akatulutsidwa m'bwalo ndiye kuti za tsiku limenelo zatha. N'chifukwa chake basketball imatizunguza mutu tikapita kukaonerera ana athu ku sukulu. Mwana wangogoletsa kumene, kochi wamutulutsa. Tisanamalize n'kudandaula komwe, wamubwezanso. M'masewerawa wosewera amaloledwa kutuluka ndi kulowanso maulendo ambiri mmene kochi angafunire, bola mpira ukhale utaima ndipo iye asanakwanitse mafaulo omutulutsiratu, omwe ndi 6 mu NBA ndi 5 pa malamulo a FIBA. Dongosolo limene kochi amatsata posankha amene alowe, nthawi yolowera ndi kutalika kwa nthawi imene akhale m'bwalo, pa Chingerezi amalitcha rotation. Ife tizingoti kasinthidwe ka osewera. Zitsanzo zathu tazitenga ku NBA, ligi ya matimu 30 ya ku America ndi Canada, poti ndi imene ana athu amaitsatira kwambiri.

Masamu ake

Gemu ya NBA imakhala ya mphindi 48, zogawidwa m'makota anayi a mphindi 12. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu m'bwalo nthawi zonse. Tikachulukitsa 48 ndi 5 timapeza 240, ndipo zimenezi ndi mphindi zonse zimene kochi ali nazo zoti agawire anyamata ake. Akasewereza anthu 10 mofanana, aliyense apeza mphindi 24. Akasewereza 8, aliyense apeza 30. Akapatsa asanu oyambirira mphindi 40 aliyense, zotsalira onse a pa benchi ndi 40 basi. Pa malamulo a FIBA, amene amagwira ntchito ku Ulaya ndi ku Africa, gemu ndi ya mphindi 40, choncho zogawa ndi 200. Akafanana mapointi amawonjezera mphindi 5.

Ana a m'kalasi angathe kuwerengera okha chotsatirachi. Tiyerekeze osewera awiri amene asewera magemu 75 aliyense, wina mphindi 38 pa gemu, wina 32. Kusiyana kwa mphindi 6 pa tsiku limodzi kumaoneka kochepa, koma pakutha pa magemu 75 kwafika pa mphindi 450, zomwe ndi magemu athunthu oposa 9. Pofika mu Epulo, woyambayo amakhala atasewera magemu 9 amene mnzakeyo sanasewere, ngakhale kuti onse awiri anavala yunifolomu masiku ofanana.

Kutopa kumachokera kuti

Sizoni ya NBA ili ndi magemu 82, kuyambira mu Okutobala kufikira pakati pa Epulo. Ndi gemu pafupifupi tsiku lililonse lachiwiri kwa miyezi 6, ndipo kangapo pa sizoni timu imasewera masiku awiri otsatizana, kawirikawiri m'mizinda iwiri, osewera atagona m'ndege. Amene tinayendapo pakati pa New York ndi Los Angeles tikudziwa kuti nthawi imasiyana ndi maola atatu, ndipo thupi silivomera msanga. Wopita kukasewera ku Denver amakumananso ndi mpweya wopepuka wa pamtunda wa mamita 1,600, ngati umene umapumitsa wefuwefu mlendo wongofika kumene ku Johannesburg.

Mtunda umene wosewera amathamanga pa gemu si wautali, ndi pafupifupi makilomita 4. Chotopetsa ndi kathamangidwe kake: kuliyatsa liwiro, kuima mwadzidzidzi, kukhota, kudumpha, kutera, kugundana ndi munthu wa makilogalamu 110, kenaka kuyambiranso, popeza timu ili ndi masekondi 24 okha oti iponye. Miyendo ikalema, choyamba kusokonekera ndi kuponya kwa patali, chifukwa mphamvu yoponyera imachokera m'miyendo, ndipo mpira umayamba kumenya kutsogolo kwa mkombero. Chachiwiri ndi kutchinga. Munthu wotopa amachedwa ndi phazi limodzi, n'kuyamba kugwira mdani ndi manja, mafaulo n'kumachuluka.

Pali kutopa kwa tsiku lomwelo, kumene kumatha ndi mphindi zingapo pa benchi ndi tulo tabwino. Ndiye pali kutopa kounjikana kwa miyezi, kumene mpumulo wa usiku umodzi suchotsa. Pothana ndi koyambako makochi amakonda kutulutsa katswiri chakumapeto kwa kota yoyamba ndi yachitatu, kuti mpumulo wake ulumikizane ndi wa pakati pa makota. Amene ali ndi akatswiri awiri amawapumitsa mosinthana kuti mmodzi azikhala m'bwalo nthawi zonse. Kwachiwiriko ndi kumene makochi amasiyana maganizo kwambiri.

Popovich ndi Thibodeau

Kale nkhaniyi kunalibe. Mu sizoni ya 1961-62 Wilt Chamberlain ankasewera mphindi 48.5 pa gemu, kuposa kutalika kwa gemu yeniyeniyo, chifukwa sankatuluka ndipo ankaseweranso nthawi yowonjezera. Munthu amene anasintha kaganizidwe ka makochi ndi Gregg Popovich wa San Antonio Spurs. Mu Novembala 2012 anatumiza kunyumba Tim Duncan, Tony Parker, Manu Ginobili ndi Danny Green kuti akapume, pa tsiku limene timu inali ndi gemu yoonetsedwa pa TV dziko lonse ku Miami. Akuluakulu a ligi anapsa mtima n'kulipiritsa timuyo madola 250,000. Popovich sanasinthe. Mu sizoni ya 2013-14 panalibe wosewera wa Spurs ngakhale mmodzi amene anafika pa mphindi 30 pa gemu, koma timuyo inapambana magemu 62, ndipo mu Juni inagonjetsa Miami Heat ya LeBron James 4-1 n'kutenga chikho. Duncan anali ndi zaka 38.

Mbali inayo kuli Tom Thibodeau, kochi amene amakhulupirira kuti osewera abwino azikhala m'bwalo. Mu sizoni ya 2024-25, ali ku New York Knicks, wosewera wake Josh Hart anatsogola ligi yonse ndi mphindi 37.6 pa gemu, ndipo Mikal Bridges anasewera magemu onse 82 n'kupitirira mphindi 3,000. Duncan, amene anasewera mphindi zochuluka kuposa anzake onse mu Spurs ya 2013-14, sanafike pa 2,200. Kusiyanako n'kwa magemu athunthu ngati 18.

N'zosavuta kumuweruza Thibodeau, ndipo ambiri anamuweruza kalekale. Pa 28 Epulo 2012, ali ku Chicago Bulls, katswiri wake Derrick Rose anaduka mtsempha wa m'bondo kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi ochepa kuti gemu ithe, timu ikutsogola ndi mapointi 12. Funso loti ankatani m'bwalo nthawi imeneyo lidakamutsatabe kochiyo. Mu 2024 Knicks inafika pa gemu yake yomaliza yolimbana ndi Indiana Pacers osewera ake angapo ali ovulala, ndipo Jalen Brunson anathyoka dzanja pa gemu yomweyo. Komabe chilungamo chake n'chakuti mu 2025 njira yomweyo inafikitsa Knicks mu ndime yachibwereza kwa nthawi yoyamba chichokereni 2000. Kumeneko inagonja 4-2 kwa Pacers yomweyo ya Rick Carlisle, timu yothamanga imene inkasewereza anthu ambiri, ndipo patapita masiku ochepa Thibodeau anachotsedwa ntchito. Ife tikamaona, cholakwa chake chachikulu sichinali kutopetsa asanu oyambirira kokha. Anafika mu Meyi asakudziwa bwino zimene a pa benchi angachite, chifukwa sanawayese mokwanira mu Disembala ndi Januwale, ndipo anayamba kuwalowetsa madzi atafika kale m'khosi.

Zimene zimasintha mu ma playoff

Ma playoff ndi ndime yachipulula ya matimu 16. Matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana magemu anayi, choncho mkumano umodzi umatenga magemu 4 mpaka 7. Ndime zake ndi zinayi, ndipo wotenga chikho amayenera kupambana magemu 16. Kuno kasinthidwe kamafupika. Timu imene inkasewereza anthu 10 kapena 11 imatsikira pa 8, nthawi zina 7, ndipo akatswiri amene ankasewera mphindi 34 amafika pa 40 ndi kupitirira.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, ndandanda imapereka mpata, popeza kawirikawiri pamakhala tsiku limodzi kapena awiri pakati pa magemu. Chachiwiri, mdani ndi yemweyo kwa sabata ziwiri. Akazindikira kuti wosewera wachisanu ndi chinayi satha kutchinga, amamulunjika ulendo uliwonse mpaka kochi atamutulutsa. Denver Nuggets ya Michael Malone inatenga chikho cha 2023 ikudalira anthu 8, ndipo inagonja magemu anayi okha mu ma playoff onse. Kufupikitsa pakokha sikulakwa. Koma kuti kochi awonjezere mphindi 6 kwa katswiri mu Meyi, ayenera kukhala atazisunga kale, monga mmene chimanga chodya mu Febuluwale chimakhalira chimene munthu anachilekerera m'nkhokwe mu Ogasiti.

Chitsanzo chomveka bwino ndi Kawhi Leonard ku Toronto Raptors mu 2018-19. Anabwera kuchokera ku chaka cha kuvulala mwendo, ndipo timu inamusewereza magemu 60 okha mwa 82. Mawu akuti load management, kutanthauza kumuyezera wosewera ntchito kuti asalemedwe, anatchuka chaka chimenecho. Mu ma playoff Leonard anasewera magemu onse 24, pafupifupi mphindi 39 pa gemu, ndipo Toronto inatenga chikho chake choyamba.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi Kevin Durant ku Brooklyn Nets mu Juni 2021. Kyrie Irving anali atavulala, James Harden ankasewera ndi mwendo umodzi, ndipo kochi Steve Nash analibe wina womudalira. Pa gemu yachisanu yolimbana ndi Milwaukee Bucks, Durant anasewera mphindi zonse 48 n'kugoletsa mapointi 49. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri anasewera mphindi zonse 53 n'kugoletsa 48. Koma mu nthawi yowonjezera sanagoletse n'kamodzi komwe, ndipo mpira wake womaliza sunakhudze ngakhale mkombero. Nets inagonja 115-111, Bucks n'kupita kukatenga chikho.

Oklahoma City Thunder ya Mark Daigneault inaonetsa mu 2025 kuti timu ingathe kukhala ndi zonse ziwiri. Inapambana magemu 68 katswiri wake Shai Gilgeous-Alexander akusewera mphindi 34 pa gemu, benchi ikugwira ntchito sizoni yonse, ndipo inagonjetsa Pacers 4-3 mu ndime yotsiriza.

Pamene mfundoyi imalekezera

Tisakokomeze. Golden State Warriors ya 2015-16 inapambana magemu 73, mbiri imene sinaphwanyidwebe, kenaka inagonja kwa Cleveland Cavaliers itatsogola kale 3-1. Ambiri amati inadzitopetsa pothamangitsa mbiriyo. Mwina. Koma Stephen Curry anavulala bondo chifukwa choterereka pamalo ponyowa, Draymond Green analetsedwa kusewera gemu yachisanu, ndipo Andrew Bogut anavulala pa gemu yomweyo. Zonsezi sitingazikankhire pa mphindi. Pacers nayo, ndi kasinthidwe kake kotakata, inataya Tyrese Haliburton mu kota yoyamba ya gemu yomaliza ya 2025 ataduka mtsempha wa kuchidendene. Iye analowa gemuyo ali kale ndi vuto la katumba.

Mu Januwale 2024 NBA inatumizira matimu lipoti lonena kuti sinapeze umboni woti kujombetsa osewera magemu kumachepetsa kuvulala. Ligi ili ndi chifukwa chake chofunira zimenezi, paja bambo amene walipira matikiti a banja lonse amafuna kuona katswiri, osati dzina lake pa benchi. Kuyambira 2023 wosewera ayenera kusewera magemu osachepera 65 kuti apikisane nawo pa mphoto zikuluzikulu monga MVP, ndipo timu yopumitsa akatswiri popanda chifukwa chomveka imalipitsidwa madola 100,000 ulendo woyamba. Choncho makochi a lero amasunga mphamvu makamaka pochepetsa mphindi mkati mwa gemu, monga kukhazika akatswiri kota yonse yachinayi gemu ikakhala kuti yadziwika kale mwini wake.

Ku timu ya mwana wanu

Ana amene amatsegula zotsatira za gemu pa foni m'mawa, poti ku London ndi ku Johannesburg magemu a NBA amachitika anthu ali m'tulo, ayang'ane mzere wolembedwa MIN asanayang'ane mapointi. Awerenge anthu amene apitirira mphindi 10, n'kuyerekeza chiwerengerocho mu Januwale ndi mu Meyi pa timu yomweyo.

Kwa makolo, gemu ya kusekondale ku America nthawi zambiri ndi ya mphindi 32, choncho kochi ali ndi 160 zogawira ana 12 kapena kuposerapo, ndipo sangakondweretse tonse. Kumeneko vuto la kutopa silichokera pa gemu imodzi, koma pa mipikisano ya Loweruka ndi Lamlungu imene mwana amasewera magemu atatu kapena anayi, mwinanso m'matimu awiri, kochi aliyense asakudziwa za mnzake. Malangizo amene NBA ndi USA Basketball anatulutsa okhudza ana amati mwana azipuma osachepera tsiku limodzi pa sabata, asadziphatike ku basketball yokha asanafike zaka 14, ndipo ana a zaka 7 mpaka 11 azipatsidwa nthawi yofanana m'bwalo kwa mbali yaikulu ya gemu. Mphindi za mwana m'matimu onse awiri palibe kochi amene amaziphatikiza. Amene timaona zonsezo ndife amene timamuyendetsa pa galimoto.