Gogomole wa M'nkhalango za Paini ku America: Kufunika kwa Nkhalango Zolumikizana

Mawu oyamba

Gogomole ndi mbalame imene imagogoda mitengo pofuna tizilombo ndiponso poboola mphako yogonamo. Tsamba lino likufotokoza za mtundu wina wa gogomole wotchedwa red-cockaded woodpecker, umene umapezeka kummwera chakummawa kwa dziko la United States kokha. Mbiri ya mbalameyi ikusonyeza zimene zimachitika nkhalango yaikulu ikaduka n'kutsala tizigawo totalikirana.

Maonekedwe ndi chakudya chake

Mbalameyi ndi yotalika pafupifupi masentimita 20. Msana wake uli ndi mizere yakuda ndi yoyera, ndipo masaya ake ndi oyera. Yamphongo ili ndi kanthenga kofiira m'mbali mwa mutu, koma sikaoneka kawirikawiri. Imadya nyerere, mphemvu, akangaude ndi mphutsi zobisala m'makungwa.

Malo amene imakhala

Gogomoleyu amakonda nkhalango ya paini wotchedwa longleaf, ya mitengo ikuluikulu yotayana, yokhala ndi udzu pansi. Kale nkhalango yotere inali pa mahekitala pafupifupi 36 miliyoni, kuchokera ku Virginia mpaka ku Texas. Chifukwa chocheka matabwa, kutsegula minda ndi kumanga mizinda, inatsala pafupifupi magawo atatu okha pa magawo 100 alionse.

Agogomole ambiri amaboola mitengo youma, koma uyu amaboola paini wamoyo, makamaka wazaka zopitirira 60 umene mtima wake wafewa ndi bowa wina wowoletsa mtengo. Kumaliza mphako imodzi kumatenga chaka kapena zaka zingapo. Mbalameyi imaboolanso timabowo kuzungulira khomo la mphako kuti utomoni uziyenderera, ndipo utomoniwo umalepheretsa njoka kukwera.

Momwe ana amabalalikira

Mbalamezi zimakhala m'mabanja. Banja limakhala ndi yaimuna ndi yaikazi zoswana, komanso nthawi zambiri ana aamuna a zaka zam'mbuyo amene amathandiza kufungatira mazira ndi kudyetsa anapiye. Banja lililonse limasowa malo aakulu, mwina mahekitala 50 kapena kuposerapo.

Ana aakazi ambiri amachoka pakhomo chaka chisanathe kukafuna banja lina limene likusowa yaikazi. Ana aamuna ambiri amatsalira, kudikira kulowa m'malo mwa bambo wawo kapena kutenga malo oyandikana nawo. Popeza kuboola mphako kumatenga nthawi yaitali, si kawirikawiri mbalamezi kuyambitsa mudzi watsopano. Zimadalira malo amene mphako zilipo kale.

Mavuto obwera nkhalango ikaduka

- Mbalame zazing'ono sizikonda kudutsa minda ikuluikulu, mizinda kapena malo ena opanda mitengo. Zambiri zimakhazikika pamtunda wa makilomita ochepa kuchokera pamene zinabadwira.
- Yaikazi ya m'banja lakutali ikafa, pamasowa ina yolowa m'malo mwake. Yaimuna imatsala yokha, ndipo pamapeto pake malowo amasanduka bwinja.
- Magulu ang'onoang'ono odzipatula amayamba kuswana pachibale, zimene zimachepetsa mazira oswa ndi ana opulumuka.
- Moto ukaletsedwa kotheratu, zitsamba ndi mitengo ina zimakula n'kutseka pansi pa paini, ndipo mbalame zimasamuka.
- Tsoka limodzi likhoza kuwononga gulu lonse. Mu 1989 mphepo yamkuntho ya Hugo inagwetsa mitengo yambiri ya mphako m'nkhalango ya Francis Marion ku South Carolina.

Njira zimene zathandiza

Boma la United States linaika mbalameyi pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha mu 1970. Kuyambira pamenepo njira izi zakhala zikugwiritsidwa ntchito:

1. Kutentha tchire mwadongosolo pakapita zaka zochepa, kuti pansi pakhale poyera. Asanayatse moto, amalambula kuzungulira mitengo ya mphako chifukwa utomoni umayaka msanga.
2. Kusiya mitengo yakale pocheka matabwa.
3. Kupanga mphako zochita kuboola ndi makina, kapena kulowetsa kabokosi m'thunthu la mtengo. Mphakozi amaziika pafupi ndi mabanja amene alipo kale kuti ana azipeze mosavuta.
4. Kusamutsa ana kuchokera kumene mbalame zachuluka kupita kumagulu ang'onoang'ono.
5. Kugwirizana ndi eni malo. Ndondomeko ya Safe Harbor, imene inayamba mu 1995 ku North Carolina, imatsimikizira mwini malo kuti akasamala nkhalango yake mbalame n'kuchuluka, sadzamuwonjezera ziletso.

Chiwerengero cha mbalamezi chakwera, ndipo mu 2024 bungwe la U.S. Fish and Wildlife Service linatsitsa mbalameyi pa gulu la zimene zili pangozi yaikulu n'kuiika pa gulu la zimene zikuopsezedwa. Komabe magulu ambiri akadali aang'ono ndi otalikirana, choncho chisamaliro chikupitirira.

Phunziro kwa ife

Kuno ku Malawi kuli gogomole wosowa wotchedwa Stierling's woodpecker, amene amakhala m'nkhalango za miombo monga ya Dzalanyama, komanso kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania. Nayenso amavutika mitengo ikamatha. Alimi ndi makomiti osamalira nkhalango za m'midzi angathandize motere:

- Siyani mitengo ina ikuluikulu ndi ya mphako podula mitengo.
- Sungani mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi m'malire a minda, chifukwa ndiyo njira ya mbalame pakati pa nkhalango ziwiri.
- Lolani zitsa kuphukira pa malo a pakati pa nkhalango ya mudzi, manda ndi phiri.
- Musatenthe tchire mwachisawawa. Funsani mlangizi wa za nkhalango za nthawi yoyenera.