Mkungudza wa ku Mulanje M'kambiya

Ku Japan kuli luso lakalekale lotchedwa bonsai, limene anthu a kumeneko adaliphunzira ku China. Amabzala mtengo m'kambiya n'kumaudulira mizu ndi nthambi kwa zaka zambiri, mpaka umakalamba uli waufupi ngati chitsamba. Kodi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene ambiri amangouti sida, ungalole zimenezi? Yankho lake lili m'mbiri ya mtengowu.

M'chaka cha 1891, Alexander Whyte adakwera phirili n'kupeza mikungudza italiitali, ina yofika mamita 40. Mu 1894 akatswiri a ku London adaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei. Posakhalitsa macheka adalowa m'phiri, pakuti thabwa lake ndi lonunkhira, siliola msanga, ndipo chiswe chimaliopa. Boma la atsamunda lidaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ulemu wonsewu sudaletse moto wolusa, nsabwe zoyamwa mitengo ndi ocheka matabwa mozemba. Pofika 2017, ofufuza adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Chimene chidauthetsa msanga chotere ndi chibadwa chake. Mkungudzawu ukadulidwa kapena kupsa, chitsa chake sichiphukanso. Umadalira mbewu basi. Apa ndiye pagona vuto kwa waluso la bonsai. Masamba ake ndi aang'ono, oyenera ndithu m'kambiya, koma mtengo wosaphukira pachitsa sukhululuka dzanja likalakwitsa podulira. Komanso udazolowera nkhungu ndi chisanu cha pamwamba pa phiri, osati kutentha kwa kuchigwa. Mbale wake, Widdringtonia nodiflora, amene amameranso m'phiri lomweli, ndiye woyenerapo, poti amaphuka ngakhale moto utamudutsa.

Kuyambira 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili adafesa ndi kubzala mbande zikwi mazanamazana. Wofuna kuyesa luso lake ayambe ndi kambande ka ku nazale, pajatu kuongola mtengo n'poyamba. Koma asakazule m'phiri. Kambiya kangathe kusunga fungo ndi maonekedwe a mkungudza pakhonde, koma mbewu zodzabwezeretsa nkhalango ya ku Chambe ndi ku Lichenya zidzachokera ku mitengo imene taileka kuti ikule.