Kalonga Muzura ndi Malire a Ufumu

Inu acinyamata a ku Longacres, kodi munamvapo za Kalonga Muzura? Iyeyu analamulira Amaravi m'zaka za m'ma 1600, ndipo analemera ndi malonda a minyanga ya njobvu. Mu 1622, mothandizidwa ndi Apwitikizi, anagonjetsa Lundu, mfumu ya kucigwa ca Shire. Ufumu wake unakula mpaka kunyanja ya mcere ku Mozambique.

Komatu mphamvu zake zinali ndi malire. Wopempha mvula anali Makewana wa ku Msinja. Wolowa ufumu sanali mwana wake ai, koma wobadwa kucikazi, m'banja la Nyangu. Muzura atamwalira, mafumu akutali anayamba kudzilamulira okha, ufumu nugawanika.

Tsono mukasankhidwa kutsogolera anzanu, kumbukirani kuti mutu umodzi susenza denga.